Giyabokosi ya Mkamwini

Mkamwini wake atamuitana kuti adzaone galimoto, Makaniko anadziwiratu kuti pali chimene akufunidwira. Mkamwiniyo pa zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati anali asanafunsepo nzeru kwa apongozi ake, ngakhale za tayala lakuphwa. Lero ndiye ankangozungulira m'galaja ya panyumba pake, pepala lili m'manja, akumwetulira mpaka mano a kumbuyo kuonekera.

Galimotoyo inali yakale, yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, ya mtundu uja anthu ankachitira mipikisano Makaniko akadali ndi tsitsi. Loweruka kunali chionetsero cha galimoto zakale, ndipo okonza chionetserocho ankafuna makaniko wodziwika asaine kuti giyabokosi ndi yomwe galimotoyo inabadwa nayo. Siginecha ya Makaniko palibe ankaikayikira. Anali atasaina mapepala otere zaka makumi anayi, osabwezedwapo ndi limodzi lomwe.

"Ndi kungosaina basi, bambo," anatero mkamwini. "Nambala ili pa kachitsulo ka giyabokosi yafanana ndi ya m'buku la galimotoyi. Musavutike n'kugona pansi."

Mwana wamkazi wa Makaniko, mkazi wa mkamwiniyo, anali ataima pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja. Makaniko anatsegula chitseko cha galimotoyo. Anakhala pa mpando woyendetsera n'kuponda kilatchi. Pamutu pa ndodo ya magiya panalembedwa magiya anayi. Analowetsa yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Kenako anakankhira ndodoyo kumanja n'kuipititsa kutsogolo, pomwe sipanayenera kukhala kanthu. Inalowa bwinobwino. Giya yachisanu, m'galimoto ya nthawi imene giya yachisanu inali isanalotedwe n'komwe!

Anatenga tochi n'kukwawira kunsi, mawondo akudandaula. Kachitsulo ka nambala kanalipodi, kakuda bii ngati kakhala pamenepo chiyambire. Anapitsapo chala n'kununkhiza. Oyilo wa giyabokosi amanunkha ngati mazira ovunda, ndipo amene anamugwirapo saiwala. Uyu anali oyilo wakutha wa injini, wosakaniza ndi fumbi, wochita kupakidwa ndi sanza. Atapukuta, mariveti anayi, misomali yogwira kachitsuloko, anawala mbee, atsopano. Bokosilo linali la pikiapu wamba, lofanana ndi mazana amene iye anamasulapo.

Zinamunyansa. Komabe chinthu chimodzi chinamusautsa koposa. Marivetiwo anamenyedwa mwaluso, mitu yofanana, popanda pomwe hamala inaphonya. Mkamwini wake sankatha ngakhale kugwira sipanala.

Anatuluka akudzipukuta. "Giyabokosi iyi ndi ya pikiapu, ya magiya asanu. Kachitsuloka mwachita kumatapo."

Kumwetulira kwa mkamwini kunachepa, koma sikunathe. "Okonzawo sakagona pansi, bambo. Akangoona dzina lanu, nkhani yatha."

"Eya, n'chifukwa chake mwandiitana. Marivetiwa wamenya ndani?"

Mkamwini anayamba kuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa yankho. Amene anayankha anali mwana wamkazi uja.

"Ndine, adadi."

Makaniko anatembenukira kwa iye. Mwanayu anakulira m'galaja mwake. Tchuthi chilichonse ankaima pa kreti kuti afikire pa tebulo, bambo ake atamugwira dzanja, akumuonetsa momwe hamala imatsikira pa riveti.

"Anzake onse akudziwa kuti alowa nawo chionetserochi," mwanayo anapitiriza. "Giyabokosi yeniyeni inasweka, ina sikupezeka. Mukufuna azimuseka mpaka liti? Wina aliyense akanakana, ndikudziwa. Koma inu ndinu bambo anga."

"Ukanandipempha maso ndi maso, ndikanakana, tikanamwa tiyi nkhani n'kutha," anatero Makaniko. "Koma iwe wanditchera msampha ndi manja amene ndinaphunzitsa ndekha. Ndipo wandiyesa wokalamba kwambiri moti sindingasiyanitse oyilo wa injini ndi wa giyabokosi."

Anatenga pepala lija m'manja mwa mkamwini n'kuliika pa boneti, losasaina.

"Ngati zili choncho, muyambe mwasiya kaye kubwera kuno," anatero mwanayo.

Makaniko anaika tochi m'thumba n'kutuluka. Atafika pa geti anaima pang'ono, kudikira mapazi kumbuyo kwake. Sanamve kanthu. Anadzitsegulira yekha geti, chinthu chimene mwana wakeyo anali asanamulolepo kuchita.