Ndodo za Alamu Zimagona

Madzi atadula msewu wa ku Makhanga mu Febuluwale, Pius anali munthu yekhayo m'mudzimo amene anathokoza Mulungu. Priska, mtsikana amene anaphunzira naye mpaka Folomu 4, anali atasankhidwa kukachita maphunziro a uphunzitsi ku Blantyre. Lachiwiri m'mawa amayenera kufika ku Chiromo, kuti kumeneko apeze njinga yomufikitsa pokwerera minibasi. Msewu kulibe, ndiye kuti njira ndi bwato, ndipo pa bwato ulendowo ndi ola lathunthu. Ola lathunthu awiriwiri, popanda azakhali ake, popanda anzake a kwaya aja oseka chilichonse. Zaka zinayi Pius anakhala akumeza mawu. Ankadziwa kuti akapanda kuwanena pa ola limeneli, adzawanena mnyamata wina wa mtauni wovala nsapato zosongoka.

Bwato analibe. Anakabwereka kwa alamu ake a Lorenso, amuna a achemwali ake, msodzi wa mbedza. A Lorenso anavomera akutokosa m'mano, koma anati ndodo zawo zowedzera zisatsike m'bwatomo. Iwo alawirira ku Chiromo Lachiwiri lomwelo pa bwato la mnzawo kukagulitsa nsomba zowamba za makakana, ndipo akamaliza adzafuna bwato lawo ndi ndodo zomwe kuti alowe kudambo.

Ndodozo zinali zisanu ndi ziwiri, za nsungwi, zazitali kwabasi. A Lorenso ankazigoneka pansi m'bwato cha kumanzere, nsonga zitaloza kumbuyo, twayini atakulungidwa, mbedza iliyonse itabayidwa m'kachidutswa ka gumbwa. Kuzikhalira kunali koletsedwa, kuzidumpha ndiye osayerekeza.

"Ndodo zimagona, mlamu," anatero. "Ukaziimika, udzagona ndiwe."

Pius anafunsa chifukwa chake. A Lorenso anangoti bambo awo ankatero, n'kutenga sopo ulendo kokasamba.

Zimenezi ndi zimene zinkamutopetsa Pius kwawoko. Chilichonse bambo ankatero, agogo ankatero, ngati dziko linaima tsiku limene anthuwo anaikidwa m'manda. Lolemba masana anatsuka bwatolo katatu mpaka fungo la mlamba ndi nyongolotsi linachepako, koma ndodo zija zinali pomwepo, zitatenga theka la malo. Priska aika kuti miyendo? Sutikesi ikhala pati? M'maganizo mwake ulendowo anali atauyenda kale kambirimbiri. Mkeka pansi, kampando pakati, Priska atayang'ana kwa iye, dzanja limodzi likusewera m'madzi pakati pa maluwa a nyika, iye akupalasa pang'onopang'ono n'kumalankhula. Osati mtsikana atapanikizika cham'mbali ngati thumba la makala poopa kukhudza nsungwi za munthu.

Pafoni anali ataonapo maboti oyera a kunja, ndodo zitaimikidwa m'timapaipi kumbuyo kwa woyendetsa. Anapita kumjigo n'kutola paipi yothyoka imene amisiri anaisiya, anaidula zidutswa zisanu ndi ziwiri, n'kuzimanga ndi malegeni pamtengo umene anaupingasa kumbuyo kwa bwato. Ntchitoyo inamudyera masana onse ndi khungu la chala chimodzi. Tizidutswa ta gumbwa tija anatitaya, pakuti tinkalendewera m'mwamba ngati zinyalala, ndipo mbedza anangozikola patwayini. Atabwerera m'mbuyo kuti aone, mtima wake unayera. Pansi panali mbee, ndodo zili njo ngati nthenga za tambala.

Lachiwiri Priska anafika dzuwa litangotuluka, atavala bulauzi yoyera, tsitsi lomangidwa dzulo lake, sutikesi pamutu. Iye anali mwana wa msodzi. Anayang'ana ndodozo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati bwatolo tsopano likugwira netiweki. Anafunsanso ngati a Lorenso aziona zimenezi. Pius anayankha kuti ndi mmene anthu akuchitira masiku ano.

"Chabwino, a injiniya," anatero Priska, akukhala pakampando. "Tiyeni, minibasi sidikira."

Poyamba anadutsa pamwamba pa minda yomira, ngayaye za chimanga zikusuzumira m'madzi. Malo onenera mawu aja anali omwewa. Pius anakonza kukhosi, koma mphepo ya m'mawa inagwira ndodo zija ndipo bwato linayamba kupendekera uku ndi uku. Akati ayambe, linali litakhota kale kuloza ku Mozambique. Analiwongola. Anati, "Priska, pali kankhani kena," ndipo mbedza imodzi inamasuka, inazungulira m'mwamba n'kumukola kapusi. Analimbana nayo ndi dzanja limodzi uku akutukwana chamumtima nsungwi, alamu ake, ndi munthu amene anayambitsa usodzi. Priska anafunsa kuti kankhani kanji. Iye anati adikire kaye.

Kenako analowa kanjira ka m'bango, kachidule kamene mabwato onse a ku Makhanga amadutsa. M'menemo bango ndi gumbwa zimawerama mbali zonse n'kukumana pamwamba ngati denga. Pius anadutsamo kambirimbiri chibadwire, koma anali asanayang'anepo kumwamba. Ndodo zinayamba kupala dengalo. Zinyalala, akangaude ndi nyerere zinagwa ngati mvula pabulauzi yoyera ija. Bwato linaima, iye anakankha mwamphamvu, linayenda pang'ono, linaimanso.

Priska, akudzisasa, anamuuza kuti azigoneke ndodozo. Pius anakana. Kuzigoneka kunali kupinda mkeka, kuchotsa kampando, kumukhazika Priska cham'mbali, ndiponso kuvomera kuti bambo awo a Lorenso, amene sanaonepo foni, ankadziwa kuposa iye. Anati patsala pang'ono atuluke. Ndipo poona kuti theka la ola lapita kale m'zopusa, anangoganiza zoyamba pomwepo, thukuta lili kamukamu.

"Priska, kuyambira tili Folomu 1..."

Patsogolo pawo panali mkuyu wopendekera panjirapo, umene aliyense amadutsa pansi pake atawerama. Pius anawerama monga mwa masiku onse. Ndodo sizinawerame. Nsonga zonse zisanu ndi ziwiri zinalowa m'nthambi, panamveka thyo, kenako kulira kwina kumene Priska anakuzindikira msanga. Anadzifunda chitenje mutu wonse n'kudzipinda pa sutikesi. Anali mavu, chisa chathunthu.

Pius anayesa kuwathamangitsa ndi nkhafi, zimene zinangowauza kuti wolakwa ndi uti. Ena anamuluma pakhosi, ena pachikope, awiri pamlomo wam'mwamba. Anataya nkhafi n'kudzigwetsa chafufumimba pansi m'bwato, cha kumanzere, pamalo penipeni pogona ndodo.

Anali Priska amene anakwawa ali chifundire, n'kuzula ndodozo m'mapaipi imodziimodzi, kuzitsitsa, n'kukankha bwato kuchoka pamkuyupo. Atafika poyera anathyola gumbwa, anamudula ndi mano, anakulunga twayini aliyense n'kubaya mbedza zonse. Anamuuza Pius kuti adzuke apereke malo kwa eni ake. Ndodo zinagona, nsonga kumbuyo, imodzi yothyoka. Kenako anatapa matope m'mphepete, anamumata Pius pamlomo, n'kutenga nkhafi.

Choncho amene anakhala pakampando anali Pius, atayang'ana kwa Priska monga momwe ankafunira, koma ndi diso limodzi. Mlomo unali utatupa ngati mandasi. Maluwa a nyika analipo ndithu, oyera ndi ofiirira, akudutsa m'mbali mopanda ntchito. Priska ankapalasa mwachangu, bulauzi ili mawangamawanga. Patali zitsulo za mlatho wa Chiromo zinayamba kuoneka.

Pius anaona kuti ola latha. Anayesa kunena zonse zija anazikonza zaka zinayi, za mtima wake, za mmene ankasungira malo pabenchi, za kudikira. Zimene zinatuluka zinali phokoso la munthu wodya mbatata yamoto. Anayesanso. Matope anagwera pamalaya. Anamenya m'mbali mwa bwato ndi chibakera, misozi ya ukali ikutuluka m'diso lotseguka lija.

Priska anasiya kupalasa. Anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa anamuulula.

"Ndamva Folomu 1 yokha," anatero. "Zotsalazo ndinazidziwa tili Folomu 2. Ndimangoona kuti uzinena liti."

Pius anatambasula manja kufunsa yankho.

"Ayi, munthu wosamveka sindimuyankha. Ndibwera pa Isitala. Udzanditenge pompano, ndodo zitagona, udzanene bwinobwino ndi pakamwa pako pabwinopo. Ukadzayambanso ndi kankhani kena, ndidzatsika n'kusambira."

Padoko anapeza a Lorenso atakhala padengu lopanda kanthu. Priska anawapatsa moni mwaulemu, anawathokoza kuti takhuta chifukwa cha bwato, anasenza sutikesi n'kupita kwa anyamata a njinga. Anacheuka kamodzi kokha, n'kuloza mlomo wake wam'mwamba.

A Lorenso anayang'ana mapaipi, anayang'ana nsonga yothyoka, anayang'ana nkhope ya mlamu wawo. Anawerama n'kuona mmene mbedza zabayidwira m'gumbwa watsopano, ndipo anati amene wagoneka ndodozi ndiye angamubwereke bwato tsiku lililonse. Pius, mwa manja ndi mwa mphuno, anafunsa chimene sanamuuzire za mavu a pamkuyu. A Lorenso anati za mavuwo samazidziwa, chaka chatha zinali njuchi pamtengo wa msangu wa kumtunda, ndipo ngakhale akanamuuza, akanamva?

Anamupatsa mpeni kuti adule malegeni. Pius anakhala m'bwato n'kumadula, paipi iliyonse akuiponya kumtunda mwaukali. Pakati pa ntchitoyo anaima n'kuwerenga pa zala masabata otsala kuti Isitala ifike. Anapeza asanu ndi awiri. Anawerenganso, kuti mwina walakwitsa, koma anali omwewo.