Kumbuyo kwa Golo

Bizwell anali atagwedeza kale mtengo umodzi wa golo pamene amayi ake, a Enelesi, anafika pabwalo. Bambo ake, a Dyton, anali atangoikidwa kumene, moti mpala wa maliro unali usanayambe n'kumera komwe.

"Amayi, malo ano ndi munda," anatero Bizwell. "Tizigula mbatatesi kwa anzathu ife tili ndi dothi lotere? Ndilima ine."

A Enelesi sanatsutse. Kunena zoona, mpira ankadana nawo ngati mkazi mnzawo. Mvula ikangokata, mwamuna wawo ankapopa njinga n'kuuyamba: lero ku Mlangeni, sabata yamawa ku Manjawira, mwinanso ku Lilongwe kukaonera matimu akuluakulu. Chigawo chachonde cha munda wawo ku Kandeu anachipereka kwa anyamata kuti azisewerapo. Chonsecho munthu wake analibe ngakhale timu yoisapota!

Ali chiimire choncho, kunatulukira bambo wina wamtali, wa zala zopindika. Anavula chipewa n'kunjuta.

"Ndine Raymond wa ku Manjawira. Uthenga ndaumva mochedwa. Pepani, mayi."

"Munali nawo pachibale?"

"Iyayi, mayi. Ndinali goloboyi." Anayang'ana mtengo wopendekeka uja. "Tsiku lina pabwalo lomwe lino anyamata a ku Kandeu anandimwetsa zigoli mpaka anzanga omwe anayamba kunditukwana. Nditagwa chafufumimba, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: 'Dzuka mwanawe, fumbi silipha.' Anali malemu a Dyton. Bambo aja ankaima kumbuyo kwa golo la timu imene ikugonja. Zinthu zikatembenuka, iwonso ankasamuka. Funsani goloboyi aliyense m'boma muno."

Zaka zonsezi a Enelesi ankachapa malaya ofiira ndi fumbi, uku akung'ung'udza, osafunsa n'kamodzi komwe kuti mwini wake ankaima pati. Chisoni chinawagwira, ndi kamanyazi pang'ono.

"Bizwell, usazule kaye. Lamlungu lino kuli masewero. Ndidzaone."

"Amayi, anzathu ayamba kale kugalauza."

"Ndati ndidzaone."

Lamlungu masana anabweradi, atavala zakuda, n'kukhala pakati pa amayi anzawo. Sankadziwa lamulo ngakhale limodzi la mpira. Koma anyamata a ku Kandeu atachinya, bwalo lonse linachita chipwirikiti, nthungululu pwirikiti, ana akuchita chidumudumu. Kutsidya, goloboyi wa alendo anangokhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo.

A Enelesi anadzuka, n'kukonza chitenje. Anayenda okha m'mphepete mwa bwalo, anthu akuwayang'ana, mpaka anakaima kumbuyo kwa golo lija. Panali kamalo kolimba, kopanda udzu, kongokwanira mapazi awiri.

"Dzuka mwanawe," anatero kwa goloboyi uja.

Patapita kanthawi anamva munthu pambali pawo. Anali Bizwell. Ankangopondaponda ndi chidendene dothi la patsinde pa mtengo wopendekeka uja.