Magalasi a m'Envulopu

"Mapepala a malemuwa ndikasunga ine," anatero Hamilton, dzanja lili kale pa katoni. "Mng'ono wake ndine, alamu."

Theresa sanakane. Panali patatha masiku anayi chiikireni mwamuna wake Alufeyo, ndipo pabalaza pawo ku South Bend, ku Amereka, panali patadzaza abale ndi akumpingo.

Ku Malawi Alufeyo adatchuka ndi mabuku ofufuza ambanda, aja omwe kumapeto wapolisi amasonkhanitsa onse m'chipinda chimodzi n'kuloza wakupha. Kuukalamba adadabwitsa anthu poyamba buku la akazitape. Chifukwa chake ankachidziwa ndi Theresa yekha. Nthawi ya chipani chimodzi wina adakamuneneza Alufeyo ku boma, Alufeyoyo n'kukhala m'ndende zaka zitatu, ndipo mwana wawo woyamba adamwalira bambo ake asanamuone. Mkwiyo umenewo mwa Theresa unali usanaphwe. Ankafuna woneneza uja adziwike lero, pamaso pa anthu. Paja mlandu suwola.

"Tengani," anatero. "Koma anasiya pempho. Anati chaputala chomaliza cha buku la akazitape lija muwerenge inuyo, tonse tikumva."

Hamilton, mkulu wa mpingo ku Indianapolis, sankakana mpata womveketsa mawu ake. Anaimirira, nakonza tayi, n'kuyamba ndi liwu lake lija la paguwa.

Kazitape wa m'bukumo ankagona kwa mkulu wake. Ankadya za mlamu wake, kenako n'kulemba malipoti patebulo lomwelo ndi cholembera chobwereka kwa mkulu wakeyo. Mphotho yake inali sikolashipu ya ku Amereka.

Liwu lija linayamba kutitimira. Amayi omwe ankatola makapu analeka. Pabalazapo panalibe yemwe sankadziwa mmene Hamilton adabwerera kuno.

"Zilembozi anazipulinta zazing'ono," anatero Hamilton, akupukuta thukuta. "Maso atopa ndi kudraiva, magalasinso ndawaiwala ku Indianapolis. Tidzamaliza tsiku lina."

Theresa anapisa m'katoni muja n'kutulutsa envulopu yotupa. Pamwamba pake panali malembedwe onjenjemera a Alufeyo, ndipo anawawerenga mokweza kuti aliyense amve: "Akadzati waiwala magalasi."

Anang'amba envulopuyo, natulutsamo magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya chitenje chake chakuda, n'kuwaika m'dzanja la mlamu wake.

"Pitirizani, alamu. Kwatsala masamba awiri."