Nyenyeswa za Nyenyezi

Mumsewu wonse wa mashopu uja, munthu aliyense ankawadziwa ndi dzina loti a Ndafikako. Ukangotchula mzinda, kaya wa kutsidya kwa nyanja, kaya umene wangoumva pa wailesi, iwo ankati, "Ndafikako kumeneko, khofi wake ndi wowawa." Ndipo sankanama. Anayamba ndi singano imodzi ndi kabotolo ka guluu pakhonde la sitolo ya eni, kusoka mabuku othothoka a ana asukulu. Tsopano anali ndi nyumba yawoyawo yosindikizira ndi kumata mabuku, yodzaza ndi makina amene anakasankha okha kumaiko atatu. Pa makina onsewo, mtima wawo unali pa mpeni, chimakina chodulira mapepala chimene chinkadutsa masamba mazana asanu kamodzi ngati chikudula sopo.

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ndiye anawathawira kumene ndege sizifika. Ankaphunzira za nyenyezi ku yunivesite, maphunziro omaliza aja amene munthu amatuluka nawo ali dokotala koma osadziwa kubaya jakisoni. Bambo ake anayamba kalekale kumutchula Dokotala. Lachisanu la sabata imeneyo linali tsiku loti akaime pamaso pa akatswiri atatu, amufunse mafunso pa kafukufuku wake wa zaka zinayi.

Lolemba mtsikanayo anabwera kunyumba ndi chibuku chomangidwa ndi chingwe. Chikuto chinali lendelende, msana wosweka, masamba ena akusuzumira kunja. Anachisiya patebulo n'kukwera basi kupita kuphiri kumene kuli makina oonera nyenyezi, kukatenga zotsala za kafukufuku wake. A Ndafikako atangoliona bukulo, manja anayamba kuwayabwa. Mwana wa katswiri womata mabuku akalowe m'chipinda cha mayeso atanyamula chisanza? Anthu adzati bambo ake anamwalira.

"Lisiyeni mwini wake abwere," anatero akazi awo.

"Amayi mwana, ine ndamata mabuku a oweruza milandu. Limeneli lindivute?"

Lachiwiri lonse analisoka okha, osalola wantchito aliyense kulikhudza. Lachitatu m'mawa analiika pansi pa mpeni, n'kudula m'mphepete monse mwakuda muja kuti mukhale moyera ngati dzino. Analiveka chikuto cha nsalu yobiriwira, n'kudinda mutu wake ndi zilembo zagolide.

Mtsikanayo anafika pashopu masana, chikwama chili kumsana.

"Ababa, buku lija sindikuliona kunyumba. Amama akuti ndifunse inu."

"Tseka maso, Dokotala. Ndakugulira latsopano osalowa m'sitolo."

Sanatseke maso. Analandira bukulo, kulitembenuza, n'kuyendetsa chala m'mphepete mosalala muja. Anatsegula pakati, n'kutsegulanso pena. A Ndafikako anaima chilili, manja m'chiuno, kudikira kuyamikiridwa.

"Mwadula zochuluka bwanji?" anafunsa mtsikanayo motsitsa mawu.

"Pang'ono, sizikwana n'chala chaching'ono chomwe. Munali mwauve. Anthu analembalembamo ndi pensulo ngati khoma la chimbudzi cha padepoti."

Mtsikanayo anakhala pansi pa mulu wa mapepala. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana. Bukulo linali la a pulofesa, mphunzitsi amene ankamutsogolera pa kafukufuku. Linkanena za mkati mwa nyenyezi, mmene moto wake umayendera kuchokera pakati kufika kunja, ndipo padziko lonse anthu otha kuliwerenga mpaka kumapeto sakanadzaza basi ziwiri. Osindikiza analakwitsa masamu m'malo ambiri, ndipo kwa zaka makumi atatu a pulofesa ankakonza zolakwikazo ndi pensulo m'mphepete. Mwezi wathawo anagwa ndi matenda opha ziwalo. Dzanja lamanja linafa, mawu anatsekeka. Asanadwale anamuuza kuti, "Usanalowe mayeso, ukaone tsamba 212 m'buku langa. Pamenepo adzakukola." Akazi a pulofesawo anali atangolipeza bukulo Lolemba, ndipo iye anali asanalitsegule n'komwe.

Anatsegula tsamba 212 n'kuwalozera. Kumapeto kwenikweni kwa pepala kunali masamu a pensulo, odukira panjira. Chotsiriza kuoneka chinali kamzere kogona, kakafupi, kothera pamene mpeni unadutsa.

"Kameneka ndi kochotsera, kapena ndi mkono wa kamtanda kophatikizira?"

"Pali kusiyana kwambiri?" anafunsa a Ndafikako.

"Nyenyezi zanga zimafufuma n'kuphwa, ngati chifuwa cha munthu wopuma. Kakakhala kophatikizira, kupumako kumapitirira, ndipo zimene ndalemba n'zoona. Kakakhala kochotsera, kupumako kumazilala, ndipo chaputala changa chachinayi ndi bodza."

A Ndafikako, munthu amene anakwerapo ndege itagwidwa ndi mphepo yamkuntho, anzake akupemphera iye akupempha khofi wina, tsopano anagwidwa ndi mantha. Anathamangira kuseri kwa mpeni kumene kumakhala thumba la nyenyeswa, tizidutswa ta mapepala totsala podula. Thumbalo panalibe. Lachitatu lililonse mayi wina wogulitsa mazira ankabwera kudzalitenga, kuti aziyala m'madengu mazira asaswekere panjira.

Ali m'galimoto anadzilimbitsa mtima ndi nzeru za ntchito yawo. Mpeni ukadula buku, nyenyeswa zimagwa pamodzi ngati mtolo, tsamba loyamba pamwamba, lotsiriza pansi. Ngati mayiyo sanakhutumule thumba, zonse zili m'malo mwake. Anabwereza mawu amenewa pa mphambano iliyonse, akuliza hutala kwa anthu osalakwa.

Anamupeza mayi wa mazira atakhala pakati pa madengu asanu ndi awiri, thumba lili pambali, lopanda kanthu.

"Lero ndiye kwagwanji, bwana Ndafikako? Kumsika kunonso mwafikako?"

"Mayi, ndikufuna mapepala anga."

"Zinyalala zija? Nanga zaka zonsezi mumandipatsa ulere, lero zasanduka golide?"

"Muli zolemba za munthu wodwala. Ndikukupemphani ndi manja awiri."

Mayiyo anawayang'ana kumaso n'kusiya nthabwala. Anayala chitenje pansi. A Ndafikako anagwada ndi suti yawo yogula kunja, n'kuyamba kutulutsa mazira limodzilimodzi, akutola kapepala kalikonse kokhala ndi pensulo. Anthu anaima kuonerera. Wina anati akuluwa mabizinesi awazunguza mutu. Dzira lina linawapulumuka n'kuswekera pa nsapato, iwo osaliona n'komwe.

"Madengu onse ndi omwewa?" anafunsa atamaliza lachisanu ndi chiwiri.

"Awiri apita kale. Lina atenga ophika makeke, lina munthu wapanjinga, sindimudziwa."

Kwa ophika makeke anapeza theka la nyenyeswa, theka lina atasonkhezera moto. Wapanjinga uja analowa ngati madzi mumchenga.

Lachinayi shopu sinatsegulidwe. Antchito anauzidwa kuti akapume, makasitomala ankagogoda n'kubwerera. A Ndafikako anamasula chikuto chokongola chija, n'kuyala nyenyeswa patebulo lagalasi lokhala ndi nyali pansi. Ankatenga kapepala kamodzi ndi kopanira, n'kukayendetsa m'mphepete mwa masamba mpaka mzere wa pensulo wa uku utakumana ndi mnzake wa uko. Akakumana, ankalumikiza ndi pepala lopyapyala ngati khoko la anyezi. Chilembo chimene mpeni unang'amba pakati chinkabwerera kukhala chilembo. Sankamva ngakhale liwu limodzi la zimene ankalumikizazo, koma dzanja la a pulofesa anayamba kulidziwa: mmene ankapindira mchira wa nambala, mmene ankakanikizira pensulo akakwiya ndi osindikiza.

Mwana wawo anakhala ku ngodya ina, osawalankhula chiyambire dzulo. Zimenezi zinkawapweteka kuposa china chilichonse. Akanawakalipira bwenzi zili bwino. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti anene za mmisiri wina wa kunja amene anachitapo zoposa apa, koma mawu ankabwerera okha.

Dzuwa lili paliwombo, mulu wa nyenyeswa unatha. Masamba khumi ndi limodzi anatsala opanda anzawo. Anawerenga kawiri, n'kusuzumira pansi pa tebulo, m'matumba a suti, ngakhale m'mapindiro a thalauza.

"Mwanawe," anatero, osati Dokotala. "La 212 palibe."

Mtsikanayo anatseka maso kwa kanthawi. Kenako anavula wotchi n'kuiika patebulo.

"Ndidulireni mapepala oyera, Ababa. Ambiri. Ndiyamba kumene a pulofesa anayambira, ndione ngati ndingafike kumene anafika."

"Zimatheka?"

"Iwo zinawatengera chaka. Koma ine ndikudziwa pamene pali dzenje."

Anamudulira mapepala, n'kumusongolera mapensulo asanu ndi limodzi ndi kampeni kosendera chikopa. Kenako analibenso chochita. Anakhala pampando akumvetsera pensulo ikukanda. Ikaima, mtima wawo unkaimanso. Mtsikanayo akakwinya pepala n'kuliponya pansi, iwo ankalitola n'kuliwongola, osadziwa chifukwa chake. Pofuna kupatsa manja chochita, anadula kapepala koyera n'kukalumikiza patsamba 212, n'kubwezeretsa chikuto.

Cha m'ma folo koloko madzulo mtsikanayo anaika pensulo pansi. Zala zake zinali bii.

"Ndapeza kamtanda. Koma ndimafuna kamtanda, Ababa, ndiye sindikudzikhulupirira. Munthu wanjala amaona chakudya paliponse."

"Tiye kwa eni ake," anatero a Ndafikako.

"Mukanena kuti chiyani?"

"Ndikanena kuti ndine ndinadula."

Panjira mtsikanayo anawauza khalidwe la a pulofesa. Wophunzira akalakwitsa, sankakalipa. Ankangotseka buku mwakachetechete, ndipo munthu ankadziwa kuti akayambirenso.

Anawalandira ndi akazi a pulofesa, mayi wa imvi woyankhula mofatsa. Odwalawo anali pampando pafupi ndi zenera, bulangete lili pamiyendo, dzanja lamanja lili gone pamtsamiro. A Ndafikako anavula chipewa n'kugwada bondo limodzi, bukulo lili m'manja.

"Bambo, ine ndine womata mabuku, bambo wake wa mwanayu. Ndinadula zolemba zanu ndi mpeni wanga, osafunsa munthu. Zambiri ndabweza. Masamba khumi ndi limodzi ndalephera."

Maso a nkhalambayo anayenda kuchoka pankhope yawo kupita pabuku. Ndi dzanja lamanzere anatembenuza masamba movutikira, akuima pa zilumikizo, chala chikutsata mzere umene mpeni unadutsa. Mtsikanayo anawatsegulira tsamba 212 n'kuwapatsa pensulo. Iwo anaikankhira kwa iye.

Mtsikanayo anaitola. Anawerama, n'kupitiriza kamzere kogona kaja kulowa pa pepala loyera, kenako anakadutsitsa kena koimirira. Anamaliza masamu otsalawo ndi zilembo zake zazing'ono, n'kubwerera m'mbuyo.

A pulofesa anayang'ana nthawi yaitali. Panja galimoto inadutsa, kenako ina. Dzanja lamanzere lija linanyamuka, n'kugwira chikuto, n'kuyamba kuchikweza. Chikuto chinakwera mpaka pakati, n'kuima. Chala chachikulu cha nkhalambayo chinasisita nsalu yobiriwira ija, kupita ndi kubwera, ngati munthu woyesa nsalu pamsika. Kenako anachibweza pansi, buku lili chitsegukire, n'kugogoda kawiri pa kamtanda kaja.

Mtsikanayo anabisa nkhope m'manja. A Ndafikako anafuna kudzuka koma bondo linakana, mpaka akazi a pulofesa anawakokera mpando.

"Chikuto chakale chija ndakhala ndikuwauza zaka khumi kuti akakonzetse," anatero mayiwo akuthira tiyi. "Bukuli analigula ali mnyamata, kumzinda uja wa milatho yambiri kumene anakaphunzira. Ndamva kuti inu ndi oyenda. Munafikako?"

A Ndafikako anali atafikako kawiri, ndipo khofi wake ankamukumbukira bwino lomwe. Anayang'ana mwana wawo, amene anali atayamba kale kufunsa a pulofesa za tsamba lina mwa khumi otsala aja.

"Ndimangomva, mayi," anatero.

Mtsikanayo sanatembenuke, koma mapewa ake anagwedezeka ndi kuseka.