Mphete ya Nguluwe

Basi ya ku Mutare inafika pa Ruda mdima utangogwa. Munatsika anthu asanu ndi mzungu mmodzi, mayi wamtali wa imvi, atapanira pepala lalikulu lokulunga m'khwapa. Asilikali anamuwunika kumaso. Munali mu 1987. Zigawenga za Matsanga zinkawoloka malire, ndipo mlendo aliyense ankafunsidwa kawiri.

"Ndikufuna Amadu Uledi," anatero m'Chingerezi. "Makanika wa ku fakitale ya tiyi."

"Mubhurandaya woyera uja?" msilikali wina anaseka, potchula dzina lonyozera obwera ochokera kwathu, nkumuperekeza kukomboni.

Amadu anali ndi zaka 29. Khungu loyererapo, tsitsi lofewa. Komboni yonse inkadziwa chifukwa chake, koma palibe ankachitchula pamaso pa Che Uledi, bambo amene anamulera.

Mlendoyo atalowa, Rozaria, mayi ake a Amadu, anasiya kusenda nthochi. Che Uledi anali pamphasa, kofiya kumutu, miyendo yotupa atatambalitsa. Amadu ndiye ankamasulira.

"Akuti ndi a Morag Petrie, a ku Scotland. Ntchito yawo ndi kulengeza mawu a mfumukazi pabwalo, atavala chovala chagolide. Amasunganso mabuku a mabanja: uyu anabala uyu, uyu anabala uyu. Akuti anapenta zizindikiro za mabanja zaka makumi awiri asanawalole kuvala chovalacho."

"Ndiye ngati Eliasi wathu woimba belu la kufakitale," anatero Che Uledi. "Afunse. Ulendo wonsewu adzalengeza chiyani kuno?"

Mayi Petrie anatambasula pepala lija pansi pa nyali. Panali mayina ambiri olumikizidwa ndi mizere. Pamwamba, chizindikiro cha banja: mutu wa nguluwe, mano ali pamtunda. Pansi penipeni, dzina limodzi: Alasdair Garvie, manijala wakale wa esiteti.

Analankhula pang'onopang'ono. Garvie anamwalira chaka chatha. Analibe mwana kwawo. Anasiya kalata yonena kuti ali ndi mwana wamwamuna kuno, wobadwa mu 1958. Chizindikiro cha banja chimachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Mayi ake a Amadu akalumbira kuti nzoona, Amadu nkutenga dzina la Garvie, chizindikiro ndi mphete ya malemuyo, imene anabwera nayo, zikhala zake.

"Mapepala amenewo angakuthandize kupempha pasipoti ya ku Britain," anawonjezera. "Sindikulonjeza."

Amadu anasiya kumasulira. M'thumba mwake munali chitupa chomutcha mlendo, chonsecho anabadwira pompano. Ukapitawo unamuphonya kawiri chifukwa cha chitupacho.

"Akuti chiyani?" anafunsa Rozaria.

"Akuti... akulemba mayina a antchito akale."

"Bodza," anatero Che Uledi. "Garvie ndinamuphikira zaka khumi ndi ziwiri. Chingerezi cha imfa ndimachimva. Masulira zonse, mwanawe."

Amadu anamasulira zonse, maso ali pansi.

Rozaria anaweramira pepalalo. Sankadziwa kuwerenga. "Dzina langa lili pati?"

Mayi Petrie anafiira makutu. M'kalatamo, anatero, munangolembedwa kuti mtsikana wa kukomboni.

"Mtsikana wa kukomboni! Pondituma madzi osamba dzina ankalidziwa. Mimba itaoneka anandipatsa bulangeti ndi thumba la ufa, nkuitana khukhi wake. Uledi, kwatira uyu."

"Sanandikakamize," anatero Che Uledi. "Ndinali nditakuona kale pampopi. Iwe ndiye unkanyada."

"Khalani chete inu, a Che Uledi. Ino si nthawi yake."

Che Uledi anapempha kuona mphete. Anailandira ndi nsonga ya nsalu, nkuiyandikitsa kunyali.

"Nguluwe. Mwana ndinamuperekeza ndekha ku jando. Kusali, mapemphero athu a Chisilamu, ndinamuphunzitsa ndine. Lero avale nkhumba pachala." Anaseka, koma palibe anamuthandiza kuseka. "Komabe tamvera, Amadu. Ine chokusiyira ndilibe. Dzina langa lakupatsa chiyani? Chitupa cha mlendo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sanati umumange mwendo. Ukafuna, tenga."

"Baba..."

"Ndati tenga."

Amadu anatembenukira kwa mlendo. "Sindingalandire osasiya dzina la Uledi?"

"Lamulo likufuna la Garvie," anayankha Mayi Petrie. "Sindinalilembe ndine. Ine ndimangolinyamula." Anakankhira mphete kwa iye. "Igone kwa iwe. Basi yanga ndi ya m'mamawa."

Kuseri kwa phiri kunalira mfuti, kawiri. Rozaria anazimitsa nyali, nkumukokera mlendo kuchipinda.

M'bandakucha Amadu anadzidzimuka ndi phokoso la chitsulo. Tsiku lililonse, chiyambire kutupa miyendo, bambo ake ankamuitana kuti awathirire madzi osamba m'manja ndi kumapazi asanasali. Lero sanamuitane. Anawapeza panja atagwada, ketulo itagubuduka, madzi akuyenderera m'fumbi.

"Bwanji simunandidzutse, Baba?"

"Ndimayeserera," anatero Che Uledi, osamuyang'ana. "Ndizolowere."

Amadu anatola ketulo. Anakatunganso madzi. Anawathirira dzanja lamanja, kenako lamanzere, nkugwada kuwasambitsa mapazi. 

Nkhungu inali isanachoke m'minda ya tiyi pamene basi inaliza hutala. Amadu anamunyamulira mlendo chikwama. Rozaria ankabwera pambuyo, atafunda chitenje kumutu. Pakhomo la basi Amadu anatulutsa mphete, yokulungidwa m'kapepala.

"Mukalengeze kuti mwana anapezeka," anatero. "Ali ndi bambo ake."

"Ukudziwa kuti chizindikirochi chithera pamenepa? Pasipotinso?"

"Ndikudziwa."

Mayi Petrie anamuyang'ana kanthawi. Kenako anatambasula pepala lija pabondo, nkuvula chivindikiro cha cholembera ndi mano.

"Afunse mayi ako dzina lawo lonse."

"Rozaria Inacio," anayankha okha, mokweza, asanamasuliridwe. "Wa ku Angonia. Alembe bwino."

Kondakitala anamenya chitseko, nkukuwira mzunguyo m'chinenero chakomweko. "Gogo murungu, tikusiyani!"

Mayi Petrie sanafulumire. Analemba chilembo chimodzichimodzi pambali pa dzina la Garvie, nkuuzira inki, nkumuonetsa Rozaria. Iye anaika chala pamenepo.

"Ndi limeneli?"

"Ndi limenelo, Amayi," anatero Amadu.

Basi inanyamuka, nkulowa m'nkhungu. Kufakitale Eliasi anaimba belu. Amadu anakhudza chitupa m'thumba, nkuyamba kuthamanga kuti asachedwe.