Dzanja la Mkamwini

Mayi Marjorie anali atadzuka kale kuti akavine pomwe anaona mmene gule wa ceilidh amayendera, ndipo anakhalanso pansi msangamsanga. Unali ukwati wa mwana wawo Chiye ndi Crispin, mnyamata wa ku Scotland, mu holo ina ku Greenwich. Ovina ankakolowekana mikono, kuzungulira, kenako n'kusinthana. Mayiwo anaoneratu kuti akalowamo, posakhalitsa agwera m'manja mwa mkamwini wawo. Pa unamwino wawo ku Lewisham anagwirapo anthu a mitundu yonse, koma mkamwini ayi.

"Mami, please, dzukani," anatero Chiye. "Abale a Crispin aziti ukwatiwu simunaufune."

"Iwe, ndigwirane m'chiuno ndi apongozi? Azakhali ako ku Zomba akakaona video imeneyi, nkhope ndikaiika pati?"

Chiye anachoka misozi ili lengelenge, ndipo mayiwo mtima unawapweteka zedi.

Posakhalitsa Christine, mayi ake a Crispin, anadzakhala pambali pawo ali wefuwefu.

"Mwendo ukuvuta?"

Bodza linali pafupi, koma Mayi Marjorie ananena zoona.

"Kwathu mkamwini sitimukhudza. Ulemu wake ndi kutalikirana naye."

"Ndiye mukudzivutitsiranji?" anaseka Christine. "M'Chigeliki, chinenero cha makolo anga, ceilidh ndi kucheza basi. Kuzilumba kwathu anthu ankangosonkhana m'nyumba ya mnzawo, wina nthano, wina nyimbo, wina kumangoluka masokosi. Mayi anga sankavina n'komwe, ankaimba. Inu nyimbo muli nayo?"

"Mukufunsa mayi wa Mvano zimenezo?"

Christine anakaletsa oimba zeze wachizungu, n'kunong'oneza mwana wake kanthu. Mayi Marjorie anaimirira, n'kuyambitsa nyimbo yaukwati yakwawo. Amalawi a ku Tottenham amene anabwera ku ukwatiwo anavomera, nthungululu n'kudzaza holo. Azungu nawo ankaomba m'manja, ngakhale mophonyaphonya.

Nyimbo itatha, Crispin anabwera m'siketi yamandalasi yomwe amuna a kwawo amavala, naima chapatali. Ananjuta movutikira, maondo oyera ali pamtunda, n'kuomba m'manja katatu. Chiye anaseka mpaka misozi ija inagwa ndithu.

Mayi Marjorie anagwira dzanja la Christine ndi manja onse awiri.

"Zikomo asewere, mwandichotsa manyazi lero. Podzacheza kwanu ndidzabwera ndi nyimbo ziwiri."