Mamita Anayi a Matope

Ntchito yanga ndi kumvera pansi pa nyanja yamchere. Timatumiza mawu kuchokera m'sitima. Amakagunda pansi n'kubwerera. Nthawi imene atenga ndiyo imatiuza kuya kwake. Ndagwira ntchitoyi m'madoko asanu ndi limodzi. Sindikhalitsa pamodzi. Alamu anga, amuna a achemwali, ankanditcha Mayendayenda.

"Mayendayenda, chikwama chakochi ndiye mkazi wako eti?" ankatero, manja ali bii ndi girizi.

Iwo ankasamala injini ya boti lokoka sitima padoko. Tsiku lina m'mawa botilo linagubuduka polowera padoko. Anzawo awiri anasambira. Alamu anali kuchipinda cha injini. Patapita masiku atatu matope a m'mbali mwa njira ya sitima anagumuka n'kukwirira boti lonse.

Ndinafika patatha masiku asanu chichitikireni ngoziyo. Ndinapeza achemwali akusita ovolosi ya amuna awo.

"Achimwene, si inu mumamva za pansi? Ndipezereni bambo a anawa. Ngakhale fupa lokha. Ndikhale ndi poti ndizilozera ana."

Ndinalonjeza.

Botilo tinalipeza tsiku lomwelo. Chinthu chakuda pagalasi la makina, pansi pa matope. Funso linatsala limodzi: lakwiririka mozama bwanji? Apa makina amafuna uwauze liwiro la mawu. Mumchenga wothinana mawu amathamanga. M'matope ofewa amachedwa. Doko limene ndinkachokera linali la mchenga wokhawokha, ndipo nambala yake inali idakali m'makinamo. Sindinaisinthe. Mtima unali m'mwamba.

Makina anati mamita asanu ndi anayi.

Mkulu wa sitima yokumba anapukusa mutu. "Mkono wa makina anga umathera pa asanu, achimwene. Pepani."

Ntchito yofufuza inathera pomwepo. Tinazula paipi imodzi yodzaza matope, monga mwa lamulo, n'kuitumiza ku labotale. M'mawa mwake ndinakwera basi. Maso a achemwali sindikanatha kuwapirira.

Patapita miyezi itatu ndinadutsira ku labotaleko. Mdala woyeza matope anali atang'amba paipi ija pakati. Chipinda chonse chinkanunkha mazira owola. Matopewo anali ndi timabowo ngati buledi.

"Mpweya uwu," anatero mdalayo, akuloza ndi mpeni. "Zinthu zowola zimautulutsa. Umu mawu amayenda ngati ine pamasitepe. Safika n'theka lomwe la liwiro la mumchenga. Iwe unaika nambala yanji?"

Ndinamuuza.

Anavula magalasi. Analemba pachikuto cha fayilo, n'kunditembenuzira. Mawu aja anachedwa kubwerera chifukwa ankayenda pang'onopang'ono, osati chifukwa ulendo unali wautali.

Mamita anayi.

Ndinaimba foni kudoko ndili chiimire. Anandiuza kuti pamalopo pakumangidwa khoma lotchinga mafunde. Malole akhala akukhuthula miyala kwa miyezi iwiri. Palibe amene angakumbenso.

Ndikanatha kukwera basi ina. Ndimadziwa kutero. Koma ndinapita kwa achemwali.

Anali atakhala pakhonde lakuseri, akusoka batani la yunifolomu ya mwana. Ataona chikwama changa anamwetulira pang'ono.

"Mayendayenda wafika. Mwadya?"

Dzinalo linandilasa. Ndinakhala pansi, osavula nsapato.

"Achemwali, ndinalakwitsa. Alamu sanali pa mamita asanu ndi anayi. Anali pa anayi. Makina akanawafika."

Singano inaima.

"Nanga pano?"

"Pano pali miyala."

Sanalire. Anaika malayawo pampando. Anayang'ana bwalo.

"Mamita anayi n'kuchokera pati kufika pati?"

"Kuchokera pakhomopa kufika pampopi."

Anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono, opanda nsapato, mpaka pampopipo. Anaponda kasanu ndi kamodzi. Anagwira mpopiwo, nsana uli kwa ine. Madzi ankadontha m'ndowa.

"Pafupi chonchi," anatero.



Atabwerera ananyamula chikwama changa. Ndinaganiza kuti achiponya kumsewu. Anachilowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

"Mawa simukwera basi. Mutiperekeza kukhomalo, ine ndi ana. Mukatilozere mwala umene uli pamwamba pawo."

Anatolanso singano.

"Ulendo uno muwerenge bwino, achimwene."